Dzina la Banda: Ciyambi Cake, Tanthauzo Lake ndi Kufala Kwake

Mau Oyamba

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, mafumu a Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Munthu ataimirira pakati pa bwalo lija ndi kuitana mokweza kuti, "A Banda!" mitu yosawerengeka ingaceuke, ataitananso kuti, "A Phiri!" ambiri mwa otsalawo angayankhe. Ndi mmenenso zilili kuno ku Railways, mu Kabwe. M'kaundula wa sukulu, wa chalichi, wa cipatala, kapena m'buku la zopereka za pamaliro, maina awiri awa sasowa.

Koma kuculuka kwa dzina sikutanthauza kuti eni ake alidziwa. Ana athu obadwira m'tauni, amene masiku ano amafunsa foni zinthu zimene ife tinali kufunsa agogo, apeza kuti dzina la Banda lawerengedwanso pakati pa maina a ku Spain, ndi kuti ku Mexico ndi ku Peru kuli mabanja ochedwa Banda. Ena mwa iwo afika ponena kuti makolo athu analilandira kwa Azungu a ku Tete, monga analandirira nsapato ndi mbatata. Nkhani iyi si yoseka nayo. Munthu wosadziwa kumene dzina lake linacokera angauzidwe ciliconse nabvomera, ndipo mawa adzaphunzitsa ana ake bodza lomwelo. Cotero m'masamba awa tilondola mapazi a dzina ili, kuyambira kutsidya kwa nyanja kufikira pakhomo pathu.

Banda wa ku Spain

Dzina la Banda liliko ndithu pakati pa anthu olankhula Cisipanishi, ndipo iwo sanalibwereke kwa ife. M'cinenero cao mau akuti banda ali ndi matanthauzo angapo. Loyamba ndi nsalu yaitali yopapatiza imene munthu amabvala mopingasa, kucokera paphewa kufika m'ciuno, monga acitira atsogoleri a maiko ena pa tsiku lolumbira. Laciwiri ndi mbali, kapena tsidya la mtsinje. Lacitatu ndi gulu la anthu, makamaka oimba malipenga ndi ng'oma. Mau amenewa anacokera ku zinenero zakale za mitundu ya Cijeremani, mmene anali kunena lamba womangira kapena mbendera.

Mu 1332 mfumu Alfonso XI ya ku Castile inakhazikitsa gulu la ankhondo olemekezeka lochedwa Orden de la Banda, ndipo cizindikiro cao cinali nsalu yopingasa ija. Dziko la Uruguay kale linali kuchedwa Banda Oriental, ndiye kuti tsidya la kum'mawa la mtsinje wa Uruguay. Ku Argentina kuli mzinda wochedwa La Banda, cifukwa uli kutsidya kwa mtsinje wa Dulce poyang'anana ndi Santiago del Estero. Motero munthu wa ku Spain anatha kuchedwa Banda cifukwa ca malo amene anali kukhala, kapena cifukwa ca cizindikiro ca banja lake. Asipanishi atayamba kuoloka nyanja kunka ku America kuyambira mu 1492, dzinali linaoloka nao, ndipo lero lipezeka kwambiri ku Mexico ndi ku Peru kuposa ku Spain kwenikweniko.

Pali zinthu ziwiri za maina a Asipanishi zimene tiyenera kuzisunga mumtima, pakuti tidzazifuna kutsogoloku. Coyamba, Msipanishi amakhala ndi maina awiri a banja, la atate ndi la amai, ndipo mkazi akakwatiwa sataya ake. Fidel Castro Ruz wa ku Cuba, amene ambiri a ife tinamva mbiri yake, anatenga Castro kwa atate ake ndi Ruz kwa amai ake. Caciwiri, kukhala ndi dzina la Cisipanishi sikutsimikiza kuti munthu ali ndi magazi a ku Spain. Mu 1849 bwanamkubwa Narciso Clavería analamula kuti mabanja a ku Philippines asankhe maina m'buku limene boma linakonza, kuti kulemba msonkho ndi kalembera kusabvute. Mpaka lero anthu a kumeneko ali ndi maina a ku Spain amene anawapeza pa tebulo la kalaliki.

Tiwonjezepo kuti ku Indonesia kuli zisumbu za Banda ndi mzinda wa Banda Aceh, ku India kuli boma la Banda, ndipo ku Central African Republic kuli mtundu wa anthu wochedwa Banda. Mau afupi, osabvuta kuchula, angabadwe m'zinenero zambiri popanda kubwerekana. Kufanana kwa maina si cibale.

Kodi Tinalilandira kwa Apwitikizi?

Mu 1494 mafumu a Spain ndi Portugal anapangana ku Tordesillas kugawana njira za panyanja. Spain analunjika kumadzulo, ndipo Portugal anatenga njira yozungulira Africa kunka ku India. Ici ndico cifukwa cake Asipanishi sanalamulirepo dziko lililonse kuno kwathu. Kumwera kwa cipululu ca Sahara analamulira Equatorial Guinea yekha. Azungu amene makolo athu anayamba kuonana nao anali Apwitikizi. Vasco da Gama anafika pa gombe la Mozambique mu 1498; m'zaka za m'ma 1530 anzake anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete; ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 anatsegula msika ku Zumbo, moyang'anana ndi Feira, imene lero tiicha Luangwa.

Alendo amenewa anasiya mbiri yolembedwa. Gaspar Bocarro anayenda kucoka ku Tete kufika ku Kilwa mu 1616, nalandiridwa panjira ndi mfumu Muzura. Francisco de Lacerda anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1798, nakafera kwa Mwata Kazembe. António Gamitto anayenda njira yomweyo mu 1831 ndi 1832, nalemba zambiri za miyambo ya Amaravi ndi Acewa. Onsewa anapeza anthu okhazikika kale, okhala ndi mafumu ao, akacisi ao ndi malamulo ao a cibale.

Zimene tinalandira kwa Apwitikizi zidziwika bwino. Mau monga nsapato, kalata, mbatata, kapitao, malinyero ndi kacasu anacokera kwa iwo. Maina ao a mabanja nawonso adziwika, ndipo eni ake angalondoledwe mmodzimmodzi. Banja la Caetano Pereira, locokera ku Goa, linakhazikika ku Makanga, m'malire a dziko la Undi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, José do Rosário Andrade ndi José de Araújo Lobo anali ndi magulu a Acikunda amene anasautsa anthu a m'Zambezi ndi m'Luangwa pofuna minyanga ndi akapolo. Koma taonani cimene cinacitika: Gonçalo Caetano Pereira anachedwa Dombo Dombo, Andrade anachedwa Kanyemba, ndipo Lobo anachedwa Matakenya. M'malo moti iwo atipatse maina, ndiwo amene analandira maina kwa eni dziko.

Dzina lobwereka limakhala pamwamba ngati cobvala. La Banda linazika mizu m'cinenero ndi m'mwambo: mkazi wa mfunda uwu timamucha Nabanda, monga ticha ena Naphiri, Namwale ndi Nambewe, ndipo a Banda ali ndi udindo wao pa kacisi wa mvula ndi m'nyumba ya Kalonga. Palibe Napereira kapena Nalobo m'mwambo wa Acewa.

Kumene a Banda Anacokera

Mbiri ya pakamwa imanena kuti makolo a Acewa anacokera ku Uluwa, dziko la Aluba, kumene lero ndi kumwera ca kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Sanabwere tsiku limodzi. Anafika magulumagulu, napeza Akafula, anthu afupiafupi osaka nyama, amene zojambula zao zikali kuoneka pa matanthwe. Anthu amene anafufuza mbiri iyi mozama, monga Samuel Josia Ntara amene analemba buku la Mbiri ya Achewa, Bambo Matthew Schoffeleers ndi Profesa Kings Phiri, anapeza kuti miyambo yambiri imaika a Banda patsogolo: iwo ndiwo anayamba kufika ndi kulima dziko, ndipo a Phiri anabwera pambuyo ndi ufumu wa Kalonga.

Za tanthauzo la maina awiriwa akuluakulu amasimba motere. Pa ulendo uja anthu anafika pa phiri lina dzuwa litapendeka. Gulu lina linakwera nkukagona pamwamba, ndipo linachedwa a Phiri. Gulu lina linatsala m'tsinde, linawanda udzu ndi kuupondaponda kuti lipeze pogona, ndipo linachedwa a Banda. Nthano iyi ndi yaifupi, koma yanyamula cinthu cacikulu. Wokhala pamwamba amaona patali, amacenjeza za adani ndi kulamula. Wokhala pansi amadziwa nthaka, madambo ndi mitsinje. Cotero a Phiri anagwira ufumu, ndipo cizindikiro cao ndi moto, kumene kunacokera dzina la Amaravi, ndiye kuti anthu a malawi. A Banda anagwira nthaka, mvula ndi nsembe.

Pa mapiri a Dzalanyama, m'malire a Malawi ndi Mozambique, pali Kaphirintiwa, pamene makolo amati Cauta anatsitsira anthu oyamba ndi nyama, mapazi ao natsala pa thanthwe. Kufupi ndi pamenepo kunali kacisi wamkulu wa Msinja. Wotumikira pa kacisiyo anali mkazi, wodziwika ndi dzina la Mangadzi kapena Makewana, mai wa ana onse, ndipo udindo umenewu mwambo umaugwirizanitsa ndi mfunda wa Banda. Iye sanali kukwatiwa ndi munthu. Anali ndi atsikana omuthandiza ochedwa Matsano, ndi nduna yake Kamundi, wa mfunda wa Mbewe. Kukacita cilala, mafumu ngakhale akutali anali kutumiza mphatso ku Msinja kukapempha mvula. Mfumu inali ndi mikondo, koma mvula inali kupemphedwa ndi a Banda.

Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumwera kwa nyanja ya Malawi. Dr Yusuf Juwayeyi, amene anakumba pamalopo ndi kufalitsa buku la zimene anapeza mu 2020, anaonetsa kuti anthu anali kukhalapo kale m'zaka za m'ma 1400, ndi kuti anali kucita malonda a minyanga, mkuwa, mikanda ndi mbale zocokera kutali ngati ku China. Pamene anthu anayamba kukhala pamalopo, Mpwitikizi anali asanaone mtsinje wa Zambezi. Ngati a Banda anatsogola kufika a Phiri asanamange Mankhamba, ndiye kuti dzina lao ndi lakale kuposa Mzungu aliyense amene anaponda dziko lino.

Nyangu ndi Mwali

Nzeru ya makolo ioneka pa mmene analumikizira mafuko awiriwa. Kalonga anali kubadwa mwa Nyangu, mai wa ufumu, wa kwa Phiri. Koma mkazi wake wamkulu, Mwali, anali kucokera kwa a Banda. Popeza mwana anali kutsata amai, ana a Kalonga obadwa mwa Mwali anali a Banda, ndipo sakanatha kulowa ufumu wa atate ao. Wolowa anali mphwake kapena mwana wa mlongo wake. Mwa njira iyi a Phiri sakanatha kukhala popanda a Banda, ndipo a Banda sakanatha kulanda mpando. Kuseka ndi kunyogodolana kumene timaona pakati pa a Banda ndi a Phiri ndi kwa cisuweni, kwa anthu amene akhala akukwatirana zaka mazanamazana.

Undi atacoka ku Mankhamba cifukwa ca mkangano wa ufumu, anatenga Nyangu napita naye ku Mano, m'dziko limene lero ndi cigawo ca Tete. Kucokera kumeneko ulamuliro wake unafalikira mpaka ku Luangwa, ndipo mifunda ya Acewa inafalikira nao pamodzi. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira ku Northern Rhodesia. Mwambo wa Kulamba, umene boma la atsamunda linaletsa mu 1934, unayambanso mu 1984 m'nthawi ya Kalonga Gawa Undi X, Chivunga. Lero anthu a kwa Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba, Mwangala, Mlolo, Zingalume, Pembamoyo, Chanje, Mkanda ndi Mwase wa ku Lundazi akasonkhana ku Mkaika, m'gulu lililonse muli a Banda.

Kucoka Kucikazi Kunka Kucimuna

Pano ndi pamene pagona nkhani. Banda poyamba silinali dzina la banja monga amvera Azungu. Unali mfunda, kapena kuti ciwongo, dzina la pfuko lonse, ndipo munthu anali kuulandira kwa amai ake. Mwamuna anali kupita kucikamwini, ana anali mbumba ya amalume ao, ndipo amalumewo ndiwo anali nkhoswe pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Anthu a mfunda umodzi sanali kukwatirana. Munthu anali ndi dzina lake la ubwana, nalandira lina pa cinamwali kapena kudambwe, ndipo mfunda unali wocitira ulemu ndi kuthokozera.

Zinthu zitatu zinasintha dongosolo ili. Coyamba ndi Angoni. Iwo anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo ca m'ma 1870 a Mpezeni anakhazikika kufupi ndi kumene lero kuli Chipata. Angoni amatsata atate. Acewa ndi Ansenga ambiri amene anagwidwa pa nkhondo analowa m'midzi ya Angoni ndi mifunda yao, nayamba kuipereka kwa ana kucimuna. Ndico cifukwa cake lero kuli a Banda ndi a Phiri amene amabvina ngoma pa Nc'wala, nadziyesa Angoni enieni.

Caciwiri ndi mishoni. A Dutch Reformed Church anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903, ndipo ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903. M'buku la ubatizo ndi la sukulu munali malo a dzina la Cikhristu ndi malo a dzina la atate. Cacitatu ndi Boma. Angoni atagonja mu 1898, kunabwera msonkho ndi citupa, ndipo kalaliki anali kufuna maina awiri osasinthasintha. Dzina limene mwamuna analichula mosabvuta, limene anzake anali kumuitanira mwaulemu, linali mfunda. Ulamuliro wa cipepala unacita kwa ife zofanana ndi zimene unacita ku Philippines, kusiyana kwake nkwakuti ife tinalembetsa maina athuathu. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a m'boma la Fort Jameson m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza kuti mifunda inali itayamba kale kuyenda kucimuna, ngakhale kuti mbumba ndi ufumu zinali kuyendabe kucikazi.

Zitsanzo zilipo zoonekeratu. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatsogolera Malawi ku ufulu mu 1964 nakhala Pulezidenti kuyambira 1966 kufikira 1994, anali mwana wa mai wa kwa Phiri, ndipo amalume ake anali Mbusa Hanock Msokera Phiri. Pa mwambo wakale dziko likanamudziwa monga Phiri. Ngakhale Kalonga Gawa Undi XI, asanalowe ufumu mu 2004, anali kudziwika ndi dzina la Daka, koma mpando umene akhalapo ndi wa a Phiri, pakuti umayenda m'mimba ya Nyangu. Dzina la pa reji ndi lina, bele limene munthu anayamwa ndi lina.

Njira ya ku Broken Hill

Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki m'dziko la Alenje, nacha malowo Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Ulalo wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, njanji inafika pano mu 1906, ndipo mu 1909 inafika kumalire a Congo. Mgodi ndi njanji zinafuna manja, msonkho unafuna ndalama, ndipo anyamata a ku Fort Jameson, Petauke, Lundazi ndi Nyasaland anauyamba ulendo. Mseu waukulu wa kum'mawa usanalimidwe, ambiri anayenda pansi milungu ingapo, kuoloka Luangwa pa bwato ndi kugona m'chire. Ena anatsala pano, ena anakwera sitima kunka ku Wankie, ku Bulawayo ndi ku Joni. Amene sanabwererenso kumudzi anachedwa machona.

Godfrey Wilson, amene anafufuza za moyo wa anchito a mu Broken Hill ca m'ma 1939 ndi 1940, anaona kuti ambiri sanalinso alendo a miyezi yowerengeka: anali kukhala zaka zambiri m'tauni, ndi akazi ao ndi ana ao. Nyumba za ku Railways zinamangidwira anchito a panjanji, ndipo m'menemo munakulira mibadwo ya ana amene mudzi anali kuuona pa chuti cokha. Popeza Cinyanja cinali cinenero ca apolisi ndi asilikali m'nthawi ya atsamunda, a kum'mawa ambiri analowanso nchito zimenezo, natumizidwa ku maboma onse a dziko lino ndi maina ao. Tauni yathu inasintha dzina kukhala Kabwe mu 1966, Zambia Railways inayamba mu 1967 ndi likulu lake pompano, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Anthu ambiri anabalalika, koma ambirinso anatsala, pakuti manda a makolo ao ali kuno.

M'tauni muno mifunda inakumana ndi mitundu ina. Alenje, Alala, Aswaka ndi Abemba nawonso amatsata amai. Tsono mwamuna wa kwa Banda akakwatira mkazi wa Cibemba, mwana wao alembedwa Banda ku sukulu, koma pa mwambo wa mbali zonse ziwiri ndi wa mukowa wa amai ake. Ndipo mkazi wa Cicewa akakwatiwa ndi a Mulenga kapena a Mwansa, ana ake, ngakhale alankhule Cibemba cokhacokha, ndi mbumba yathu yeniyeni, ndipo ngati amai ao ndi a banja lacifumu, angathe kuitanidwa kukalowa ufumu. Tikamawerenga Acewa a mu Kabwe poyang'ana maina a pa reji, tiwerenga ena amene mwambo uwapereka kwina, ndi kusiya ana athu enieni panja.

Kufala kwa Dzinali Lero

Mu Zambia ndi mu Malawi, Banda ndi Phiri ali pakati pa maina ofala koposa onse, ndipo apezekanso kwambiri ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Zifukwa zake taziona. Dzina la Cisipanishi monga Fernández kapena Rodríguez linayamba ndi munthu, mwana wa Fernando kapena wa Rodrigo. Koma Banda linalowa m'kaundula lili kale dzina la pfuko lathunthu. Mifunda ikuluikulu ya Acewa ndi yowerengeka, ndipo anthu oigawana ndi mamiliyoni. Ndiponso mfunda uwu ndi wakale kotero kuti upezeka pakati pa Amang'anja, Anyanja, Ansenga, Atumbuka ndi Atonga a ku Nkhata Bay.

Mbiri ya anthu ochuka ionetsa njira zimene dzinali linayenda. Rupiah Bwezani Banda, Pulezidenti wa Zambia kuyambira 2008 kufikira 2011, anabadwira ku Gwanda, mu Southern Rhodesia, mu 1937, kumene makolo ake anapita kukafuna nchito. Aleke Banda, nduna yodziwika ya ku Malawi, kwao kunali ku Nkhata Bay, koma anabadwira ku Livingstone mu 1939. Mai Joyce Banda, Pulezidenti wa Malawi kuyambira 2012 kufikira 2014, anabadwa ali a Mtila, nalandira dzina la Banda pa ukwati, mwambo umene makolo athu sanaudziwe. Ndipo Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka, atamwetsa zigoli zitatu m'masewera awiri otsatana pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, anacititsa owulutsa mau a maiko onse, a Cisipanishi omwe, kuchula dzina la makolo athu.

Zimene Tiyenera Kucita

Kusokonezeka kwa mfunda kuli ndi zotsatira zake. Lero anyamata ndi atsikana awiri ochedwa Banda angaletsedwe kukwatirana ngakhale palibe magazi pakati pao, pamene Banda ndi Mwale amene agogo ao akazi anayamwa bele limodzi angakwatirane osadziwa kuti ndi mlongo ndi mlongo wake. Pa maliro timataya nthawi kufunafuna mwini mbumba. Pa zaka zimene ndinagwira nchito m'maofesi a boma ndinaona mabanja akukangana pa cuma ca masiye, ena atagwira mwambo, ena atagwira lamulo la 1989, limene limapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena odalira malemuyo 10. Lamulolo linateteza amasiye, ndipo tiliyamika. Koma silinena kuti nkhoswe ndani, kapena woyenera kulowa dzina ndani. Zimenezo zikali m'manja mwa mwambo, ndipo mwambo sugwira nchito pa anthu osadziwa mifunda yao.

Sitinena kuti anthu akasinthe mareji ao. Dzina la atate likhale, pakuti nalonso ndi ulemu. Koma Asipanishi, amene ana athu afuna kuwayesa eni dzina lathu, atiposa pa cinthu cimodzi: iwo sataya dzina la amai. Ife, amene cibale cathu conse cimangidwa pa amai, ndife tayamba kuliiwala. Cotero pempho langa kwa mabanja onse a m'bungwe lathu ndi ili. Mwana aliyense adziwe zinthu zinai: mfunda wa amai ake, mfunda wa atate ake, mudzi wa amai ake, ndi mfumu ya mudziwo. Banja lililonse ligule kabuku, lilembemo maina a agogo akazi kubwerera m'mbuyo mpaka pamene cikumbukiro cifika, ndi kusonyeza bele lalikulu ndi laling'ono. Nkhalamba zimene zikali moyo ku Railways, ku Bwacha, ku Ngungu ndi ku Makululu zifunsidwe tsopano, ndipo mafoni omwewo agwire nchito yojambula mau ao. Safunsa anadya phula.

Kwa inu anyamata ndi atsikana, wina akadzakuuzani kuti Banda ndi dzina la ku Spain, mubvomere kuti kumeneko liliko, ndipo mumuuze za nsalu yopingasa ndi tsidya la mtsinje. Mukatero mumuuzenso za anthu amene anawanda udzu m'tsinde mwa phiri, za Mangadzi wa ku Msinja, za Mwali wa ku Mankhamba, ndi za agogo anu amene anaoloka Luangwa ndi kamtolo pamutu kudzagwira nchito pa njanji. Pomaliza muchule mfunda wa amai anu, pakuti cibale ndi pfupa, siciola.

Yoo Gawa!